Masheya a eBay ndi ndalama za gratuity: yankho kwa achimwene a ku Luchenza

Imelo ya sabata ino yachokera kwa achimwene ena a cha ku Luchenza, dzina sinditchula poti anapempha okha. Mwachidule akuti agwira ukalaliki pa esiteti ina ya tiyi kwa zaka zambiri ndithu, kontilakiti yatha ndipo alandirako kangachepe, cha m'ma K4 miliyoni. Mng'ono wawo ali ku Joni nde wakhala akuwatumizira mavidiyo pa WhatsApp onena kuti masheya a eBay, kampani ya okushoni ya pa intaneti ija, atsala pang'ono kukwera koopsa chifukwa dziko lonse layamba kugula katundu wogwiritsidwapo kale ntchito pa foni, eti pakatha zaka ziwiri ndalama ikhala itabereka inzake. Mng'onoyo akuti angomutumizira ndalamazo, iye agula pa app yake. Funso lawo ndi loti kodi kampaniyi ikuladi mmene akuneneramu, nanga aikemo zonse? Kumapeto afunsanso ngati munthu wa kuno atha kugulitsa zinthu pa eBay pomwepo.

Achimwene, zikomo pondikhulupirira ndi nkhani ya ndalama, sinanga ambirife timabisa olo kwa akazi athu kkkk. Ndiyambe nkukumasulani mtima pa chinthu chimodzi, eBay si kampani yabodza ayi, si zija zimabwera mwezi uno ndi ma screenshot a anthu olemera kenako mwezi wamawa app yasiya kutseguka, admin wa gulupu wazimitsa foni. Ilipo kuyambira 1995, imapanga phindu, masheya ake amagulitsidwa pa Nasdaq, msika wa masheya wa ku America, ndipo malipoti ake a ndalama aliyense atha kuwerenga. Koma nkhani imene mavidiyowo akukuuzani, yoti ili pafupi kukula modabwitsa, inali yoona zaka 25 zapitazo, pano nkhaniyo yakalamba. Ndipo olo ikanakhala kuti ikukula, kukula kwa kampani ndi kukwera kwa sheya sizimayendera limodzi nthawi zonse, apa mpomwe anthu ambiri amapsa manja.

Choyamba mudziwe kuti kampaniyi imadyera pati. eBay ilibe katundu wakewake, sigula, sisunga mu weyahausi, imangopereka malo. Taganizirani msika wa pa Bvumbwe kapena wa pa Limbuli tsiku la msika, khonsolo ilibe tomato olo mmodzi, ilibe kabichi, ilibe belo ya kaunjika, koma aliyense woyala malonda amadulitsa tikiti. Amayi a tomato amapita pamenepo chifukwa ogula a ku Blantyre amaima pamenepo, ogulawo amaimanso pamenepo chifukwa amayi a tomato ali pompo, ndiye zimangokokana choncho, moti munthu kuti atsegule msika wina pafupi nkukopa anthu onsewo si zamasewera. Mphamvu ya eBay ndi imeneyoyo basi. Kusiyana kwake nkoti tikiti yake ndi komishoni, ku America pa katundu wambiri wogulitsa amadulidwa cha m'ma 13 peresenti ya mtengo omwe wagulitsira. Nde mukafuna kudziwa ngati kampani yotere ikukula musamvere munthu wa pa vidiyo, yang'anani zinthu ziwiri m'lipoti lawo, mtengo wa katundu yense amene wadutsa pamsikapo pa chaka, ndi gawo limene iwo atapapo. Ndibwereranso ku manambala amenewa.

Anayambitsa ndi Pierre Omidyar, mu September 1995, ali ku California, dzina loyamba linali AuctionWeb. Chinthu choyamba kugulitsidwa chinali ka laser pointer kowonongeka, munthu anakagula $14.83 akudziwa kuti nkakufa, poti akuti iyeyo ankatolera zoterozo. Nkhani imeneyi imaseketsa koma muisunge chifukwa ikuonetsa chomwe okushoni imathadi, kupezera mtengo chinthu chomwe palibe akudziwa mtengo wake. Meg Whitman anabwera kudzayendetsa kampani mu 1998, ndipo September wa chaka chomwecho masheya analowa pa msika pa $18 imodzi, tsiku loyamba lomwelo anatseka pamwamba pa $47. Chaka chimenecho ndalama zonse zomwe kampani inalowetsa sizinafike olo $50 miliyoni, koma anthu ankaiwerengera mabiliyoni. Sankagula zomwe ilipo ayi, ankagula zomwe ankaganiza kuti idzakhala.

Nthawi imeneyo ku America kunali misala ya intaneti, kampani ikangokhala ndi dot com kumapeto kwa dzina anthu amathamangira olo isanagulitsepo kanthu. Nambala yoyezera mitengo ya masheya a pa Nasdaq inafika pamwamba penipeni pa 10 March 2000, kupitirira pang'ono 5,000, kenako inayamba kutsika mpaka pofika October 2002 inali itataya pafupifupi 78 peresenti, ndipo zinatenga zaka 15 kuti ibwerere pomwe inali. Makampani ambirimbiri anafa. eBay sinafe, chifukwa mosiyana ndi anzakewo iyo inkapanga phindu lenileni kuyambira kumayambiriro, ndipo inapitiriza kukula mpaka mu 2004 inalowetsa ndalama zoposa $3 biliyoni. Pamenepo aliyense ankati iyi nde kampani yosagwa.

Tsopano tamverani zomwe zinachitika mu January 2005, chifukwa kwa ine iyi ndi nkhani yomwe ikuyankha funso lanu kuposa zonse. eBay inatulutsa lipoti la miyezi itatu yomaliza ya 2004. Ndalama zolowa zinali zitakwera ndi 44 peresenti poyerekeza ndi chaka chapitacho. Tanenani, ndi bizinesi iti pa Luchenza kapena pa Chitakale imene ingakule 44 peresenti mwini wake nkudandaula? Koma phindu pa sheya imodzi linaperewera ndi senti imodzi yokha pa zomwe akatswiri a msika ankayembekezera, ndipo kampani inanena kuti chaka chikubweracho kakulidwe kachepako. Mawa lake sheya inagwa pafupifupi 19 peresenti tsiku limodzi. Kampani yomweyo, makasitomala omwewo, phindu likubwerabe, koma amene anagula mu December 2004 anadikira zaka zambirimbiri kuti aonenso mtengo omwe anagulira.

Chifukwa chake nchakuti mtengo wa sheya umakhala utanyamula kale chiyembekezo chonse chomwe anthu ali nacho. Nthawi imeneyo anthu ankalipira kuposa ka 100 phindu la pachaka la sheya imodzi, kutanthauza kuti kampani ikanangoima pomwepo osakula, ndalama yanu ikanabwerera patatha zaka 100, inu ndi ine tili kumanda kalekale. Munthu amalipira choncho pokhapokha akukhulupirira kuti phindulo lizingochulukana chaka ndi chaka. Ndiye tsiku lomwe zamveka kuti likula inde koma osati mothamanga mmene timaganizira, onse amafuna kutuluka pakhomo limodzi. Nde mng'ono wanu akamati kampani ikula, funso lomufunsa si loti ikuladi kapena ayi, koma loti kodi anthu a ku New York amene ntchito yawo tsiku lonse ndi kuwerenga malipoti a eBay, okhala ndi makompyuta ndi mabiliyoni, sanamve zimenezo? Nkhani ikafika pa vidiyo ya pa WhatsApp, kuchoka ku America kudutsa ku Joni mpaka kudzakupezani ku Luchenza, dziwani kuti mumtengomo inalowa kale.

Chinanso chomwe anthu a nthawi ija ankawerengera chinali choti eBay itenga dziko lonse, ndipo sizinatero. Ku Japan Yahoo inayamba okushoni yake msanga, ogula ndi ogulitsa anakhazikika kumeneko, eBay inafika mochedwa nkupeza kuti kukokana kuja kukugwirira ntchito mnzake, mu 2002 inalongedza nkuchoka. Ku China nde kunali kowawa kwambiri chifukwa kumeneko inali patsogolo, inagula kampani yotchedwa EachNet yomwe inali ndi gawo lalikulu la msika. Mu 2003 Alibaba ya Jack Ma inatsegula Taobao nkunena kuti kuno kuyala malonda ndi ulere, komanso ogula ndi ogulitsa atha kucheza pa chat nkunenerera mtengo mmene anthu akumeneko amakondera. Ogulitsa anasamuka, ogula anawatsatira, pofika kumapeto kwa 2006 eBay inatseka tsamba lake la ku China. Mwaonatu, msika uja ndimati ngovuta kuulanda, koma wina akabwera ndi thumba lalikulu nkuchotsa tikiti kwa zaka zingapo, umalandika ndithu.

Pa zogula makampani ena napo zinali zosakanikirana. PayPal anaigula mu 2002 pa $1.5 biliyoni, imeneyo inali nzeru, inakula mpaka kudzaposa mayi ake, koma mu 2015 anazilekanitsa nde wogula eBay lero PayPal sakuigula nawo, mumuuze mng'ono wanu zimenezi ngati vidiyo yake ikutchula PayPal. Skype anaigula mu 2005 pa pafupifupi $2.6 biliyoni poganiza kuti ogula ndi ogulitsa aziimbirana, anthu sanafune kuimbirana, mu 2007 kampani inavomera kuti inalipira mopitirira nkufufuta ndalama zoposa biliyoni m'mabuku, mu 2009 inagulitsa gawo lalikulu. StubHub ya matikiti inapita mu 2020, bizinesi ya ma classifieds (masamba a timalonda totsatsa ta anthu wamba) mu 2021. Kampani imene ikugulitsa nthambi zake chonchi ikudzichepetsa kuti itsale ndi chomwe imadziwa, si khalidwe la kampani yomwe ikuthamangira kutenga dziko.

Ndiye pali chinthu china chomwe chimandidabwitsa kuti opanga mavidiyowa satchula. eBay timangoitchula kuti ya okushoni mwa chizolowezi, koma katundu wochuluka kwambiri pamenepo masiku ano amagulidwa pa mtengo woikika kale. Batani la Buy It Now analiika mu 2000 ndipo pang'onopang'ono linameza okushoniyo. Munthu akufuna chaja ya foni sangadikire masiku 7 akupikisana ndi anthu osawadziwa kuti mwina apambana mwina ayi, akufuna alipire lero chibwere. Ndipo pa malonda a mtengo woikika mfumu yake ndi Amazon, kenako kwabwera Temu ndi Shein ndi katundu wotchipa wochokera ku China, Facebook Marketplace nayo kuyambira 2016 ikutenga aja ogulitsana pafupi opanda komishoni.

Inuyo achimwene izi simukuyenera kudabwa nazo poti mwagwira ku tiyi. Okushoni ya tiyi ku Limbe ilipo, ma broker amatumiza masampulo, ogula amalawa nkupikisana, koma mukudziwa kuposa ine kuti tiyi wambiri wa m'maesiteti a Thyolo ndi Mulanje sadutsa kumeneko, amapita mwachindunji kwa ogula akunja pa mgwirizano. Ku fodya nako chimodzimodzi, kale mlimi aliyense maso anali ku okushoni, ku Limbe, ku Kanengo, ku Chinkhoma, ku Mzuzu, koma kuyambira 2012 boma litavomereza ulimi wa kontilakiti, gawo lalikulu, 80 peresenti mmene anakonzera, linapita ku kontilakiti, okushoni nkutsala ndi kochepa. Wogula ndi wogulitsa akadziwana, ndipo onse akudziwa kale kuti katunduyu amayenda pa mtengo wanji, safunanso munthu wapakati woimba belu. Okushoni imakula msanga pachiyambi pomwe anthu sakudziwana, ikawadziwanitsa ena amayamba kuilambalala. Wogula masheya a kampani ya okushoni aziganizira zimenezi.

Sikuti okushoni ya pa intaneti yafa ayi, pali pomwe ikugwira ntchito zedi, ndipo ndi pomwe katundu aliyense ali ndi nkhope yakeyake. Magalimoto a ku Japan amene adzaza m'misewu yathuyi, ma Sienta ndi ma Freed onyamula anthu apa, ambiri anadutsa pa okushoni kumeneko, nchifukwa chake ma dealer amakuonetsani auction sheet nkumati iyi ndi grade 4 bwana. Imodzi mwa makampani akuluakulu ochititsa okushoni imeneyo ndi USS. Ku America kuli Copart, yomwe inayamba mu 1982, imagulitsa magalimoto ochita ngozi m'malo mwa makampani a inshuwalansi ndipo inasamutsira okushoni yake pa intaneti zaka zoposa 20 zapitazo. Galimoto yogundidwa ilibe mtengo wa m'buku, iliyonse inaphwanyika mwa mtundu wake, nde kupikisana ndi njira yokhayo. Komanso Copart ili ndi mayadi akuluakulu osungira magalimotowo, munthu sungangodzuka nkulemba app mawa nkuyamba kupikisana nayo, malo ukawapeza kuti. Sindikuti mukagule Copart, nayonso anthu anaiona kalekale ndipo mtengo wake umasonyeza zimenezo, ndikungofuna muone kuti mawu oti okushoni ya pa intaneti akuphimba mabizinesi osiyana kwambiri.

eBay nayo inazindikira zomwezi, nchifukwa chake zaka zapitazi yaika mtima pa zinthu zomwe Amazon sizitha bwino, mawotchi odula, ma sneaker, zikwama za amayi za mayina, makadi amene azungu amatolera, ma spare a galimoto. Kuyambira 2020 anayamba zoti katundu wodula azidutsa kaye kwa akatswiri awo kuti atsimikize kuti si feki asanafike kwa wogula. Ndi nzeru yabwino ndithu. Koma tiyeni ku manambala aja ndinalonjeza. Mu 2021, anthu atatsekeredwa m'nyumba ndi Covid nkumagula chilichonse pa foni, katundu wodutsa pa eBay anafika cha m'ma $87 biliyoni. Mu 2023 anatsika kufika cha m'ma $73 biliyoni, mu 2024 anakwerako pang'ono kufika pafupifupi $75 biliyoni. Ndalama zolowa ku kampani zaka zimenezi zinkangozungulira pa $10 biliyoni. Ogula ali pamwamba pang'ono pa 130 miliyoni, ndipo analipo ambiri kuposa apa nthawi ya Covid. Awa si manambala a kampani yodwala, koma si manambalanso a kampani yoti ikuwirikizireni ndalama pa zaka ziwiri chifukwa cha kukula kwa msika wake.

Mwina mufunsa kuti nanga katundu watsika bwanji ndalama zolowa osatsika? Chifukwa akutapa kwambiri pa katundu yemweyo. Ogulitsa pano amalipiranso kuti malonda awo aoneke pamwamba munthu akamasaka, ndipo zotsatsa zimenezi zokha zimabweretsa ndalama zoposa $1 biliyoni pachaka, komanso PayPal itachoka eBay inayamba kuyendetsa yokha malipiro nkumadyaponso. Njira imeneyi ili ndi malire, ogulitsa ukawafinya kwambiri amayamba kuyang'ana kwina. Ku Germany mu 2023 ndi ku UK mu October 2024 eBay inachita kuchotsa komishoni kwa anthu wamba ogulitsa zinthu zawo, pomwe Vinted, app ya zovala zakale, inali ikukokera anthu kwake. Nde nkhani ya mng'ono wanu yoti anthu ayamba kukonda zogwiritsidwapo kale ntchito ndi yoona, achinyamata a ku Ulaya atulukira kaunjika yemwe ife tinabadwiramo, koma kuti msikawo ukukula sizikutanthauza kuti eBay ndi imene idye. Pali ambiri pa mbale imeneyo.

Ndipo sheya ya eBay ikamakwera, kawirikawiri pamakhala chifukwa china chomwe mavidiyo safotokoza poti nchosasangalatsa kumvera. Kampaniyi imatenga phindu lake nkumagula masheya ake omwe pamsika nkuwachotsa. Cha m'ma 2015 masheya onse analipo pafupifupi 1.2 biliyoni, pofika 2024 anali atatsala cha m'ma 500 miliyoni. Phindu olo likhale lomwelo, ogawana achepa, nde gawo la aliyense likukula. Kuyambira 2019 anayambanso kupereka dividendi, gawo la phindu lomwe kampani imagawira eni masheya. Zimenezi ndi zabwino kwa mwini sheya, sindikunyoza, koma ndi zochita za kampani yokhwima imene ndalama zikuichulukira kuposa malo oti iziikemo. Munthu wogula eBay akudziwa kuti akugula zimenezi, pa mtengo wabwino, nkudikira zaka 10, ameneyo ndilibe naye mkangano. Koma inu mwauzidwa zina.

Kuti muone mmene maloto a kukula amathera kuno kwathu ku Africa, kumbukirani Jumia, si ya okushoni koma nyimbo yake inali yomweyi. Inalowa pa msika wa New York mu April 2019 pa $14.50, anthu nkumati Amazon ya ku Africa, masabata ochepa inadutsa $40, chaka chisanathe bwino mu March 2020 inali pansi pa $3. Kumayambiriro kwa 2021 inakweranso kudutsa $60 kenako nkugweranso pansi. Anthu a mu Africa sanasinthe kagulidwe kawo kanayi pa zaka ziwiri, chomwe chinkasintha ndi mitima ya ogula masheya.

Tsopano tisiye eBay tikambe za njira yomwe ndalamayo iyendere, chifukwa kunena zoona apa mpomwe pakundiopsa kwambiri kuposa kampaniyo. Mng'ono wanu sindikumudziwa ndipo sindikumuganizira zoipa, mwina ndi mwana wabwino amene akufunira akulu ake zabwino. Koma masheya akagulidwa pa app yake, pa akaunti ya dzina lake, mwalamulo ndi ake. Atadwala, atamwalira, atathamangitsidwa poti mapepala a ku Joni timawadziwa mmene amakhalira, kapena atangokwatira mkazi amene sakudziwa za mgwirizano wanu, inu mulibe pepala lililonse loonetsa. Paja amati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndalama za abale zotumizidwa kunja kapena kumudzi zadanitsa mabanja ambiri kuno, simukusowa kuti ndikuuzeni.

Chachiwiri mumufunse kuti app yakeyo ikugulitsa masheya enieni kapena CFD. Ma app ambiri otsatsidwa pa Facebook, aja amakuonetsani mizere yofiira ndi yobiriwira, sakugulitsani sheya ayi, mumangobetcha kuti mtengo ukwera kapena utsika, nthawi zambiri ndi ndalama yobwereka pamwamba pa yanuyo, moti mtengo ukatsika pang'ono akaunti yonse imapukutidwa olo mawa lake ukwerenso. Ku Ulaya makampani amenewa amakakamizidwa kulemba poyera kuti makasitomala awo ambiri amaluza. Ma app ovomerezeka ogula masheya enieni a ku America ku South Africa alipo, amakhala olembetsedwa ku FSCA, bungwe loyang'anira makampani a zachuma kumeneko, iye akuonetseni nambala ya laisensi. Akayamba kuzungulira kapena kunena kuti pali munthu wina amene amamuyendetsera akaunti, basi nkhani yathera pomwepo.

Kenako foleksi. Kutulutsa ndalama m'dziko muno kukagula masheya kunja kuli ndi malamulo ake a Reserve Bank, kumadutsa ku banki, ndipo mmene madola akusowera simungayembekeze kuti akupatsani msanga pomwe ena akudikira a mankhwala ndi a fetereza. Njira yachidule yomwe aliyense amaidziwa, yosinthitsa kwa anyamata kapena kupatsa munthu kwacha kuno wina apereke ma rand uko, ndi yoletsedwa, komanso mtengo wake ndi wokwera kutalitali ndi wa ku banki, ndekuti K4 miliyoni yanu yafupika kale isanagule sheya olo imodzi. Kuchoka pa kwacha kupita ku rand, rand kupita ku dola, paliponse akudulani, pobwerera chimodzimodzi. Dividendi nayo boma la America limatapapo msonkho ndalama isanatuluke, kwa munthu wa dziko lopanda nawo mgwirizano wa misonkho ngati Malawi ndi 30 peresenti.

Pali mfundo imodzi ya mng'ono wanu imene ndikuivomereza olo iye sanainene bwino. Kusunga chuma mu madola kumateteza ku kugwa kwa kwacha. Tinaona 25 peresenti mu May 2022, tinaonanso 44 peresenti mu November 2023, amene anangosunga ndalama mu akaunti wamba anadzuka ali osauka. Nde kuopa kusiya K4 miliyoni itangokhala nkwanzeru. Koma limenelo ndi vuto la kwacha, mankhwala ake sakuyenera kukhala kampani imodzi ya ku California imene inu simunagulepo kanthu, simunagulitsepo kanthu, ndipo nkhani zake muzizimvera kwa munthu mmodzi.

Ngati mtima wanu wakondadi masheya, ndipo ine ndimasangalala munthu wa kwathu akayamba kufunsa zimenezi, yambirani pa Malawi Stock Exchange ku Blantyre, kuchoka pa Luchenza ndi ulendo wa m'mawa umodzi. Makampani ake mumawadziwa, National Bank, Standard Bank, NBS, FDH, NICO, Illovo, Press Corporation, TNM, Airtel ndi ena, mumagwiritsa ntchito zinthu zawo tsiku ndi tsiku, malipoti awo amatuluka m'manyuzipepala athu omwewa. Mumapita kwa broker wovomerezeka ndi chiphaso chanu cha unzika, amakutsegulirani akaunti m'dzina lanu, dividendi imagwera ku banki kwanu. Airtel inalowa mu February 2020 pa K12.69, FDH mu August chaka chomwecho pa K10, amene anagula nthawi imeneyo nkugwira mtima sakudandaula. Koma musanditenge ngati ndikuti kumeneko nkotetezeka, matenda a January 2005 aja kuno aliponso, masheya akakwera kwambiri anthu amayamba kuthamangira chifukwa choti akwera basi, ndipo msika wathu ndi waung'ono, tsiku lomwe mukufuna kugulitsa mwachangu wogula atha kusowa. Funso ndi lomwe lija, ndikulipira kangati phindu la pachaka, broker akuuzeni nambala imeneyo musanasaine.

Ndikanakhala inuyo, ntchito itangotha kumene ndipo ina sinapezeke, ndalama ya chakudya, lendi ndi fizi ya ana ya miyezi ingapo sindikanaiika pa sheya iliyonse, ya kuno kapena ya kunja, ndikanafunsa ku banki za fixed deposit kapena ma treasury bill kuti izipezeka ikafunika. Pa yotsalayo nkumaganiza za masheya, ogawa m'makampani angapo. eBay ngati mukuifunabe ikhale kandalama koti katatayika simugona ndi njala ndipo simusiya kuyankhulana ndi mng'ono wanu, ndipo mulemberane pa pepala kuti masheya angati ndi anu, wina wa m'banja asainire umboni. Akakhumudwa ndi pepalalo muuzeni kuti ndi ine ndakutumani.

Za kugulitsa pa eBay muli kuno, zinthu za kwathu zomwe zimayendako ndi monga masitampa akale a Nyasaland ndi ndalama zakale zachitsulo ndi zamapepala, otolera amazifuna ndipo ndi zopepuka kutumiza. Zolemera ngati ziboliboli mtengo wotumizira umadya phindu lonse, ndipo wogula akanena kuti katundu sanafike eBay nthawi zambiri imamubwezera ndalama ngati inu mulibe tracking yoonetsa kuti anafika. Mabokosi a mkungudza aja amagulitsa kwa alendo cha ku Likhubula musayerekeze nkomwe, mkungudza wa Mulanje unalowa pa mndandanda wa CITES, mgwirizano wa maiko woteteza mitengo ndi nyama zomwe zili pachiopsezo chotha, mu 2019, kuutumiza kunja popanda chilolezo ndi mlandu.